Kodi chigawo chingafafanize lamulo la boma la ku Washington? Yankho kwa mayi a ku Zomba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Zomba. Mwana wawo amakhala ku Denver, m'chigawo cha Colorado ku America, ali ndi green card (chilolezo chokhazikika m'dzikolo) ndipo akulingalira zodzapempha unzika. Tsopano wapeza ntchito m'sitolo yogulitsa chamba, ndipo wawauza amayi ake kuti asade nkhawa chifukwa kumeneko lamulo la boma lalikulu loletsa chamba analifafaniza. Funso la mayiwa ndi ili: kodi chigawo chimodzi chingakane lamulo la dziko lonse, ngati kuti khonsolo ya Zomba yadzuka n'kunena kuti lamulo lochokera ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe siligwira ntchito kwawo?

Mayi, mtima wanu sunalakwe kugunda. Lamulolo sanalifafanize, ndipo alibe mphamvu yotero.

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti zigawo 50 za ku America si zofanana ndi makhonsolo athu. Chilichonse chili ndi aphungu ake, bwanamkubwa wake, apolisi ndi makhoti ake, ndipo chimapanga malamulo ake pa nkhani zambiri. Koma ndime 6 ya malamulo oyendetsera dzikolo imanena poyera kuti lamulo limene Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, yapanga motsatira malamulowo lili pamwamba, ndipo oweruza a m'chigawo chilichonse ayenera kulitsata ngakhale lamulo la kwawo litanena zina.

Ofuna kuyesa mwayi akhalapo kuyambira kale. Mu 1798 aphungu a Kentucky ndi Virginia anatsutsa malamulo amene ankamanga anthu onyoza boma, ndipo zikalata zawo anazilemba mwachinsinsi ndi Thomas Jefferson ndi James Madison. Zigawo zina sizinawatsate. Mkangano woopsa unabwera mu November 1832, pamene South Carolina inalengeza kuti msonkho wa katundu wochokera kunja, wa 1828 ndi wa 1832, ndi wopanda mphamvu m'chigawo chake. Amene ankasonkhezera moto anali John C. Calhoun, wachiwiri kwa pulezidenti, mpaka anatula pansi udindo. Pulezidenti Andrew Jackson anayankha kuti kugawa dziko ndi zida n'kuukira boma, ndipo mu March 1833 Congress inamulola kugwiritsa ntchito asilikali potolera msonkhowo. Nthawi yomweyo anagwirizana zoutsitsa pang'onopang'ono, South Carolina n'kubweza mawu ake.

Sindikufuna muganize kuti onse okana lamulo la ku Washington anali ndi mitima yoipa. Mu 1854 ku Milwaukee, anthu anathyola chitseko cha ndende n'kupulumutsa Joshua Glover, munthu amene anathawa ukapolo, ndipo khoti lalikulu la Wisconsin linati lamulo la 1850 lobweza akapolo kwa eni awo n'losemphana ndi malamulo a dziko. Ine ndikanakhalapo ndikanaima nawo. Komabe mu 1859 khoti lalikulu la dziko lonse linagamula kuti Wisconsin ilibe mphamvu imeneyo. Patapita zaka pafupifupi 100, mfundo yomweyo yakuti chigawo chingakane zochokera ku Washington inagwiritsidwa ntchito potsekereza ana akuda kusukulu. Pa 4 September 1957, mtsikana wa zaka 15, Elizabeth Eckford, anafika yekha pa Central High School ku Little Rock, m'chigawo cha Arkansas, kope lili kumanja, n'kupeza asilikali amene bwanamkubwa Orval Faubus anawaika pakhomo kuti asalowe, gulu la azungu likumutukwana kumbuyo. Pulezidenti Eisenhower anachita kutumiza asilikali a boma lalikulu kuti aziperekeza iye ndi ana akuda anzake asanu ndi atatu. Chaka chotsatira, pa mlandu wa Cooper v. Aaron, oweruza onse asanu ndi anayi a khoti lalikulu la dziko lonse anasainira chigamulo chakuti chigawo sichingafafanize zimene khotilo lagamula, kaya poyera kapena mozembera.

Nanga bwanji masitolo a chamba ali chitsegukire ku Denver? Apa ndiye pagona nkhani. Chigawo sichingafute lamulo la boma lalikulu, koma chili ndi ufulu wopinda manja. Mu 1997, pa mlandu wa Printz, khoti lalikulu linagamula kuti Washington singakakamize apolisi a zigawo kuigwirira ntchito yake. Choncho mu 2012 anthu a ku Colorado atavota kuti munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo azisuta chamba, chimene anachotsa ndi lamulo la chigawo chawo basi. Wapolisi wa ku Denver sakumanganso wosuta. Lamulo la boma lalikulu la 1970 loletsa chamba lili chikhalire, ndipo mu 2005, pa mlandu wa Gonzales v. Raich, khoti linatsimikiza kuti boma lalikulu lingathe kulanda ngakhale chamba chimene wodwala wadzalira yekha kunyumba motsatira lamulo la California. Kungoti apolisi a boma lalikulu ndi ochepa poyerekeza ndi a zigawo, ndiye sathamangitsana ndi aliyense. Kusamangidwa lero si kuloledwa.

Aphungu akadumpha malire amenewa, makhoti amawabweza. Mu 2021 Missouri inapanga lamulo lonena kuti malamulo ena a mfuti a boma lalikulu ndi opanda ntchito, n'kuika chindapusa cha madola 50,000 kwa nthambi ya polisi yothandiza kuwatsata. Mu March 2023 woweruza Brian Wimes analithetsa, ndipo mu 2024 khoti la apilo linagwirizana naye.

Koma nkhani imene imandiwawa ndi ya ku Kansas, chifukwa ikufanana ndi ya mwana wanu. Mu 2013 aphungu kumeneko anati mfuti ndi zipangizo zake zopangidwa ku Kansas, zosatuluka m'chigawocho, sizikhudzidwa ndi malamulo a ku Washington. Bambo wina wa sitolo m'tauni ya Chanute anakhulupirira, n'kuyamba kupanga ndi kugulitsa tizipangizo tochepetsa phokoso la mfuti osalembetsa kuboma lalikulu. Msilikali wina wopuma anagula kamodzi, n'kuika kanema pa Facebook mosabisa, poti ankadziona wosalakwa. Onse awiri anapezeka olakwa m'khoti la boma lalikulu, ndipo mu 2018 khoti la apilo linati kudalira lamulo la Kansas sikuwachotsera mlandu. Aphungu amene anavota aja palibe anaima m'bokosi la woimbidwa mlandu. Ichi ndicho chifukwa chake sindilemekeza malamulo otere: amakometsa andale pa nthawi ya kampeni, koma wolumidwa ndi munthu wamba amene anawamvera.

Tsopano za mwana wanu. Nkhani za green card, viza ndi unzika zili m'manja mwa boma lalikulu lokha. Colorado ilibe chonena pamenepo. Mu April 2019 ofesi yoona za unzika, USCIS, inalengeza kuti kugwira ntchito ya chamba, ngakhale m'chigawo chimene chinaloleza, kungachititse munthu kuonedwa kuti alibe khalidwe labwino loyenera unzika. Pofunsidwa mafunso a unzika munthu amalumbira ndi kutchula malo onse amene wagwirako ntchito m'zaka zaposachedwa, ndiye dzina la sitoloyo lidzakhala pa fomu. Mnzake wobadwira konko akhoza kuima pa kauntala yomweyo popanda chomuopsa pa nkhani ya unzika, koma iye ndi mlendo.

Muimbireni lero, mayi. Ngati sanayambe, asasaine chilichonse. Ngati wayamba kale, asakwere ndege yobwera kudzakuonani kuno asanakhale pansi ndi loya wodziwa za olowa m'dziko, chifukwa pobwerera, amene adzamufunse mafunso pabwalo la ndege ndi ogwira ntchito a boma la ku Washington.