Kodi Odesa ndi mzinda kapena dziko?

Funso: Akulu, ine ndimakazinga mandasi pa Chinamwali kuno ku Zomba. Nthawi ija fulawa ndi mafuta ophikira zinakwera udyo mu 2022, pawailesi ankangoti Odesa, Odesa. Ndi chiyani kwenikweni chimenechi?

Yankho: Mayi, funso lanuli landikhudza chifukwa nanenso ndinaziona mumsika wa Zomba, anthu akugula mafuta a m'timachubu m'malo mwa botolo. Odesa ndi mzinda komanso ndi chigawo cha dziko la Ukraine, eniakewo amati oblast. Mzindawo unakhazikitsidwa mu 1794 mu ulamuliro wa mfumukazi Catherine II ya Russia, chigawocho chinabwera mu 1932. N'chachikulu kuposa zigawo zonse za Ukraine, masikweya kilomita pafupifupi 33,000, kuposako pang'ono chigawo chathu chakumwera chino, ndipo chimachita malire ndi Moldova ndi Romania.

Koma nkhani yagona pa madoko. Chigawochi chili m'mphepete mwa nyanja ya Black Sea, ndiye tirigu, chimanga ndi mafuta a mpendadzuwa zochokera m'minda ya dothi lakuda bii la kumeneko zimakwezedwa m'sitima pa Odesa, Chornomorsk ndi Pivdennyi, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itangoyamba mu February 2022 sitimazo zinaima, katundu anangodzadza m'nkhokwe, mitengo inalumpha dziko lonse lapansi mpaka kufika pachiwaya chanucho. Mu July chaka chomwecho United Nations ndi Turkey anathandiza kuti pakhale pangano loti njira ya sitimazo itseguke, koma Russia inatuluka m'panganolo mu July 2023. Amalimanso mphesa zopangira vinyo kumeneko, makamaka chakumwera kulowera kumtsinje wa Danube.