Pulogalamu yoseketsa ya mafilimu opanda mawu, ndi kapangidwe kake

Achimwene, mwafunsa dzina la pulogalamu yakale ya pa TV imene inkaika mawu oseketsa m'mafilimu opanda mawu, komanso ngati zotere zingatheke m'Chichewa. Imeneyo ndi Fractured Flickers ya ku America, ya mu 1963. Inapangidwa ndi kampani ya Jay Ward, zigawo 26 za theka la ola, woyendetsa anali Hans Conried, ndipo mawu ankaika ndi Paul Frees, June Foray ndi Bill Scott. Chotchuka kwambiri ndi pamene anatenga filimu ya The Hunchback of Notre Dame ya 1923, wosewera wake Lon Chaney n'kumusandutsa mnyamata wochemerera timu dzina lake Dinky Dunstan. Mwana wake, Lon Chaney Jr., zinamuwawa kwambiri.

Musazisokoneze ndi mafilimu omasulira m'Chichewa aja a m'mavidiyo. Womasulira amatsata nkhani yomwe ilipo kale. A Fractured Flickers ankaitaya nkhaniyo, n'kudula zithunzi, kuzisanja mwatsopano, kenako n'kulemba mawu. Mukayamba ndi nthabwala n'kumasaka chithunzi choti igwerepo, zimaoneka zokakamiza. Lolani nkhope ya wosewera ikuuzeni zoti anene.

Kuti muchite zotere m'Chichewa, yambani ndi kagawo ka filimu ka mphindi 3 mpaka 5, nthabwala imodzi ikapitirira apo imazilala. Chotsani makadi onse olembedwa mawu amene amatuluka pakati pa zithunzi. Kenako samalani liwiro. Mafilimu ambiri akale ankajambulidwa pa zithunzi 16 kapena 18 pa sekondi, pomwe a mawu amayenda pa 24. Yojambulidwa pa 16 mukaiyendetsa pa 24, masekondi 90 amakhala 60, n'chifukwa chake anthu amaoneka ngati akuthamanga. Sankhani liwiro musanajambule mawu. Mukalisintha pambuyo, mawu ndi milomo zimasiyana, ntchito yonse n'kuyambiranso.

Povuta penipeni ndi pa milomo. Onerani kagawoko kangapo, lembani sekondi imene pakamwa patseguka ndi imene patsekeka, muwerenge kuti patseguka kangati. Pamene milomo yagundana ikanipo liwu lokhala ndi m, b kapena p, monga "amayi", "bambo", "pepani", chifukwa diso la woonera limagwira pomwepo. Mawu a Chichewa ndi aatali, choncho chiganizo chikasefukira chifupikitseni. Kulankhula mothamanga kuti chikwane kumapha nthabwala. Wosewera akatembenuka kapena akakhala patali, apo lankhulani momasuka.

Jambulani mzere umodziumodzi pa Audacity (pulogalamu ya pakompyuta yojambulira mawu), muyezo wa kajambulidwe muuike pa 48 kHz, maikolofoni atalikire masentimita 15 kuchokera pakamwa. Chipinda chopanda katundu chimabweza mawu, ndiye pachikani mabulangete kapena imikani matiresi kukhoma. Anthu atatu akwanira ngati aliyense atha kusintha mawu, monga ankachitira anzathu aja. Phokoso la mapazi, chitseko ndi mbama lijambulidwe palokha, nyimbo ikhale pansi pa mawu. Kulumikiza mawu ndi zithunzi mutha kuchitira pa pulogalamu yokonzera mavidiyo ngati Kdenlive kapena DaVinci Resolve.

Za umwini musazipeputse. Ku America filimu za nthawi imeneyo zimamasuka pakatha zaka 95, choncho ya 1923 ndi yomasuka, ndipo zambiri zili pa Internet Archive, tsamba la pa intaneti losunga zinthu zakale. Koma nyimbo imene inaikidwamo posachedwa ili ndi mwini wake, ndipo YouTube kapena Facebook imatha kutseka vidiyo yanu chifukwa cha nyimboyo. Fufutani mawu onse a kope lomwe mwatsitsa, muikemo nyimbo yanuyanu.