Kodi Chimatikankhira Kutsogolo N'chiyani Minibasi Ikaima Mwadzidzidzi?

FUNSO: Mwezi wathawu ndinakwera minibasi kuchokera ku Ntcheu kupita ku Lilongwe, ndipo titangodutsa pa Dedza mbuzi inalowa mumsewu, dalaivala n'kuponda mabuleki mwamphamvu. Tonse tinagwera kutsogolo, dengu langa la tomato linakhuthukira kumapazi a kondakitala, ndipo mwana wanga wazaka zitatu amene ndinamufukata anatsala pang'ono kundipulumuka. Kodi chimatikankha chonchi n'chiyani, pamene kumbuyo kulibe munthu wotigwira? — Mayi wa ku Ntcheu

YANKHO: Mayi, palibe chimene chinakukankhani. Chinachitika n'chakuti minibasi inaima, koma inu, mwana ndi tomato uja munali musanaime.

Katswiri wa ku England, Isaac Newton, anafotokoza zimenezi m'chaka cha 1687, potsatira zimene Galileo wa ku Italy anali atayamba kale kufufuza. Lamulo lake loyamba limati chinthu chimene chili phee chimakhalabe phee, ndipo chimene chikuyenda chimapitirira kuyenda pa liwiro lomwelo, molunjika komweko, mpaka mphamvu ina yochokera kunja itachisokoneza. Dalaivala akaponda mabuleki, mabulekiwo amagwira matayala, matayala amakhuzana ndi phula, galimoto n'kuima. Koma mabuleki sagwira thupi la munthu wokhala pampando. Thupilo limapitirira ulendo wake mpaka litapeza chouletsa, kaya ndi lamba, mpando wakutsogolo kapena galasi. Ngakhale pokhota, chimene chimakupanikizirani kwa mnzanu ndi chomwechi: galimoto yatembenuka, koma thupi lanu likufuna kupitabe molunjika.

Za mwanayo ndiye zofunika kuzimvetsa bwino, ndipo apa pakulowa lamulo lachiwiri, lonena kuti mphamvu yoimitsira chinthu imakula malinga ndi kulemera kwake komanso kufulumira kwa kusintha kwa liwiro lake. Tiyerekeze kuti mwana wanu amalemera makilogalamu 15, ndipo galimoto ikuthamanga makilomita 50 pa ola, kutanthauza pafupifupi mamita 14 pa sekondi iliyonse. Kuima ndi mabuleki kumatenga masekondi angapo, n'chifukwa chake munakwanitsa kumugwira. Koma galimoto ikawomba mtengo n'kuima m'gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, manja anu angafunike mphamvu yofanana ndi yonyamulira makilogalamu oposa 200, omwe ndi matumba anayi a chimanga, onse pakamodzi. Palibe mayi, ngakhale wozolowera kusenza chotani, amene angathe zimenezo. Liwiro lomwelo la makilomita 50 pa ola ndi limene munthu amafika nalo pansi akagwa kuchokera pamtunda wa mamita pafupifupi 10.

Ntchito ya lamba ndi kukumangirirani ku galimoto kuti muime nayo limodzi, ndipo popeza amatamuka pang'ono, amatalikitsa kanthawi koimako ndi kugawira mphamvuyo m'mafupa olimba a m'chiuno ndi pachifuwa. Ndikudziwa kuti m'maminibasi ambiri mipando yakumbuyo ilibe malamba, ndipo ulendo sungalephereke pa chifukwa chimenecho. Koma pamene lamba alipo, musadzimange inu ndi mwana ndi lamba mmodzi, chifukwa pa ngozi thupi lanu limene likupitirira kutsogolo lingamupsinje mwanayo pa lambayo. Katundu wolemera akhale pansi, osati kumbuyo kwa mitu ya anthu.

Chinanso chimene madalaivala ambiri amachipeputsa n'chakuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imayenda mabuleki atagwira kale umawirikiza kanayi. Minibasi imene ingaime pa mamita 14 ikuthamanga makilomita 50 pa ola ingafunike mamita oposa 50 pa liwiro la makilomita 100, ndipo nyengo yamvula mtundawo umatalikirako, chifukwa matayala sagwira bwino phula lonyowa. Dalaivala wanu akanakhala pa liwiro lachiwirili, mbuzi ija sakanaipewa.