Mwana atafunsa ngati Ayuda ndi otembereredwa

Mayi wina amene amaphunzitsa ana katekisimu wandilembera kalata. Akuti pa Lachisanu Loyera ana anamva khamu likufuula kuti "Mpachikeni!", ndipo potuluka m'tchalitchi kamtsikana kena kanamugwira chitenje n'kufunsa ngati Ayuda onse ndi otembereredwa. Iye anasowa chonena. Akufuna kudziwa chimene Mpingo umaphunzitsa, komanso amene anakonza chiphunzitsocho.

Mayi, yankho ndi lakuti ayi, ndipo linalembedwa. Koma ndiloleni ndiyambe ndi wansembe wina, John Oesterreicher, chifukwa kwa iye nkhaniyi inali ya m'magazi.

Anabadwa mu 1904 ku Moravia, dera limene lero lili m'dziko la Czech, m'banja la Chiyuda. Anabatizidwa ali mnyamata, ndipo mu 1927 anadzozedwa unsembe. Hitler atalanda Austria mu 1938, anathawa ku Vienna n'kukafika ku Paris, kumene ankadzudzula chipani cha Nazi pa wailesi. Mu 1940 anawolokera ku America. Makolo ake sanapulumuke m'ndende zimene a Nazi ankatsekeramo Ayuda: bambo anafera ku Theresienstadt, mayi ku Auschwitz. Ndikaganiza za wansembe woimirira paguwa, akuwerenga mawu omwewo amene ana anu anamva, akudziwa kumene mayi ake anathera, mtima umandiwawa.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti nayenso anasintha. Poyamba ntchito yake inali yokopa Ayuda kuti abatizidwe. Pang'onopang'ono anafika pomvetsa zimene Paulo analembera Aroma m'mutu 11, zakuti Mulungu sabweza mphatso zake kapena maitanidwe ake. Mu 1953 anakhazikitsa malo ophunzirira ubale wa Ayuda ndi Akhristu pa yunivesite ya Seton Hall ku New Jersey.

Pa Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, umene unasonkhanitsa maepiskopi a Katolika a dziko lonse lapansi, Oesterreicher anagwira ntchito pansi pa Kadinala Augustin Bea polemba chikalata cha Nostra Aetate, chonena za ubale wa Mpingo ndi zipembedzo zina. Chinavomerezedwa pa 28 Okutobala 1965, mavoti 2,221 akuti inde, 88 akukana. Ndime yachinayi imavomereza kuti akuluakulu ena a Ayuda anakakamiza kuti Yesu aphedwe, koma mlanduwo sungaikidwe pa Ayuda onse a nthawi imeneyo, ngakhalenso a lero. Imaletsanso kuphunzitsa, pa katekisimu kapena pa ulaliki, kuti Mulungu anawakana kapena kuwatemberera. Ndimeyi ikukhudza kalasi yanu yomweyo, mayi.

Kwa kamtsikanako musachulutse gaga. Kafunseni kuti Amayi Maria, amene anaima pansi pa mtanda tsiku lomwelo, anali a mtundu wanji. Nanga Petro? Nanga Yesu mwini wake? Mukapatse nthawi kayankhe kokha.