Adokotala, chindapusacho chiyambe chadikira

Adokotala, ndawerenga zimene mwalemba. Mwati anzanu akusankhani kukhala mlembi wa kagulu ka madokotala, anamwino ndi azamba m'boma lina la ku Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa Mozambique, kumene anthu amene anathawa nkhondo ayamba kubwerera, koma mukaitanitsa msonkhano kumabwera anthu anayi kapena asanu okha, ndipo ndalama ya umembala palibe akupereka. Mukufunsa ngati muike chindapusa kwa ojomba. Chonde musatero.

Ine kwathu ndi ku Angonia, ndipo ntchito ya chipatala ndakalamba nayo. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique itafika povuta ndinathawira ku Dedza, monga anachitira anzathu ambirimbiri. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 tinayamba kubwerera, ndipo mu 1994 ine ndi anzanga tinayesa kudzutsa kagulu ngati kanuko. Tinalakwitsa poyambira pomwe. Msonkhano woyamba tinaudzaza ndi malamulo a gulu, chisankho cha mipando ndi za msonkho. Wachiwiri tinakhalamo atatu.

Tinkati anthu ndi aulesi, pamene nkhani inali ina. M'chipindamo munali amene anatsala n'kumasoka mabala popanda mankhwala oletsa ululu, munali ife amene tinadya ufa wa m'misasa ku Malawi, munalinso amene ankathandiza odwala m'madera a Renamo, gulu limene linkamenyana ndi boma. Otsala ankationa ngati othawa ntchito, ife tinkachita manyazi, ndipo achitatuwo ankaopa kutsegula pakamwa. Palibe ananena poyera, koma aliyense ankayang'ana kuti mpando wa wapampando upita mbali iti. Ndikukhulupirira kuti kwanukonso zilipo, pakati pa amene anathawira ku Pemba, likulu la chigawocho, ndi amene anapirira pomwepo. Choncho chisankho chisiyeni kaye, ngakhale kwa miyezi isanu ndi umodzi. Wotsogolera zokambirana azisinthasintha, lero wotsala, mwezi wamawa wobwerera.

Chimene chinatibwezera anthu ndi wodwala mmodzi. Mnzathu wina, mmodzi mwa matekiniko a opaleshoni amene dziko lathu linayamba kuphunzitsa mu 1984 chifukwa cha kuchepa kwa madokotala, anafotokoza za mnyamata amene anaponda bomba lokwirira akulima munda wa makolo ake. Anatiuza mmene anamangira mwendo, pamene anakayika, ndi chimene akanachita mwina. Mzamba wina amene anali asanalankhulepo anamutsutsa pa za kuletsa magazi, ndipo anali ndi mfundo. Tinatuluka dzuwa litapendeka. Kuyambira pamenepo msonkhano uliwonse unkakhala ndi nkhani imodzi ya wodwala, osatchula dzina, yofotokozedwa ndi amene anamugwira ndi manja ake. Munthu amene wayenda mtunda wautali amafuna abwerere ndi kanthu kokagwiritsa ntchito Lolemba: kolera ikabuka ayambire pati, mayi amene mwana wapingasa amutumize nthawi yanji msewu ukakhala woipa. Ndipo musamangopatsa mpata madokotala okha. Namwino wa kuchipatala chaching'ono cha kumudzi waona zambiri zimene wa paboma sanaone.

Musadalire uthenga wa pa WhatsApp wokha. Muimbireni munthu aliyense payekha, kapena mupiteni komwe ali, ndipo mum'pemphe kanthu: inu mudzatifotokozere za chikuku chija, inu mudzabwere ndi kaundula wa katemera. Woitanidwa kudzamvera amajomba, koma wopatsidwa mbali amabwera. Tsiku lake likhale lomwe amabwera kale paboma kudzapereka malipoti a mwezi ndi kutenga mankhwala, kuti asalipire ulendo kawiri.

Pa za ndalama, ikani mbale pakhomo, woponya aponye, ya tiyi ndi buledi basi. Mabungwe akadzafuna kukuthandizani, apempheni mabuku, mafuta a galimoto kapena mphunzitsi, osati maalawansi a msonkhano. Ife tinalandirapo kawiri, ndipo atasiya kupereka, ena anasiyanso kubwera.

Pali china chimene ndimadandaula kuti tinachedwa nacho. Tinatha chaka tisanatchule anzathu amene anaphedwa kapena kusowa. Tsiku limene tinawerenga mayina awo n'kukhala chete pang'ono, bambo wina wamkulu analira ngati mwana, kenako anaulula kuti sagona tulo ndipo wayamba kumwa kwambiri. Sanali yekha. Ochiritsa anzawo nawonso amavulala mumtima, ndipo alibe kokadandaula chifukwa aliyense amawayang'ana ngati olimba. Siyani mphindi zochepa za zimenezi, koma musakakamize munthu kulankhula.

Kwanuko n'kovutirapo kuposa kwathu. Ife tinali ndi pepala losainidwa, pamene inu, ngakhale tawuni ya Mocímboa da Praia inalandidwa m'manja mwa zigawenga mu Ogasiti 2021, mfuti sizinatheretu. Ndiye kumanani m'mawa, muzimaliza nthawi ya nkhomaliro isanakwane kuti akutali afike kwawo kukuwala, ndipo amene wati msewu sukumupatsa mtendere musamulembe kuti wajomba. Mulembereni mwachidule zimene mwakambirana, mum'tumizire tsiku lomwelo.

Anayi amene akubwerawo muyambe ndi iwo mwezi uno. Funsani mmodzi ngati ali ndi wodwala amene akumuganizirabe usiku, ndipo mudzandiuze mmene zidzayendere.