Si maonekedwe ayi, nkhani ndi mafuta

Achimwene, mwafunsa ngati ma hybrid, magalimoto oyendera mafuta ndi batire limodzi, akuyenda malonda chifukwa choti Toyota Prius yatsopano yakongola. Ine ndikuti ayi.

Zoona, Prius ya 2023 ndi yooneka bwino: denga latsika, galasi lakutsogolo lapendekeka, sikuonekanso ngati zakale zija anthu ankaziseka. Koma galimotoyi inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1997, ndipo anthu ankaigulabe ili yosakongola. Kuno kwathu, taonani ma hybrid ang'onoang'ono ngati Toyota Aqua ndi Honda Fit mmene achulukira ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ndani anagula Aqua chifukwa cha nkhope yake? Munthu amene anagonapo pamzere wa mafuta amadziwa chimene akufuna. Hybrid imapulumutsa mafuta: mukaima pa maloboti injini imazima yokha, mukaponda mabuleki batire imatchajika. M'tauni ndiye mafuta amapulumuka kwambiri, koma paulendo wautali pa M1 kusiyanako kumachepa.

Chondidetsa nkhawa ine ndi fumbi lathuli. Batire ya Aqua ili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo kafani koiziziritsa kakatsekeka ndi fumbi, batireyo imatentha n'kufa msanga. Musanapereke ndalama, pitani nayo galimotoyo kwa makaniko akaiyeze pa kompyuta, ndipo mukaigula kafaniko muzikayeretsa pafupipafupi.