Kagalu kanga kakunditheratu nsapato

FUNSO: Alangizi, ndili ndi kagalu ka miyezi inayi. Kanditafunira patapata, kakukuta mwendo wa mpando, tsopano kadula chingwe cha chaja. Bambo akunyumba akuti ndizikakwapula, anzanga akuti ndizikaponyera zitsononkho kuti kazitafuna. Nditani? Ndine mayi wa ku Lizulu, Ntcheu.

YANKHO: Mayi, kagalu kanuko kakusintha mano. Galu amayamba ndi mano 28 aukhanda, ndipo akafika miyezi 3 kapena 4 amayamba kugweluka kuti pamere 42 okhalitsa. Nthawi imeneyi nkhama zimanyerenyesa, n'chifukwa chake kakufuna cholumapo. Pofika miyezi 6 kapena 7 mano amakhala atakwana ndipo vutoli limachepa. Kutafunako simungakuletse, chofunika n'kukasankhira choti kazitafuna.

Zitsononkho ndiye ayi ndithu. Chitsononkho sichigayika m'mimba mwa galu. Kakameza chidutswa, chimakatsekereza m'matumbo, ndipo kawirikawiri chimachotsedwa ndi opaleshoni basi. Nthangala za mango n'chimodzimodzi. Mafupa ophika a nkhuku nawo amathetheka n'kukhala osongoka ngati singano, amabaya kummero ndi m'matumbo. Musakapatsenso nsapato yakutha, chifukwa sikadziwa kusiyanitsa yakuthayo ndi yopitira kutchalitchi.

Kapatseni karoti wamkulu wosaphika, poti ku Lizulu sasowa. Chinanso ndi chingwe chokhuthala cha thonje chomanga mfundo ziwiri kapena zitatu, choviika m'madzi ozizira kuti nkhama zizizirepo. Chingwecho chikayamba kusomphoka ulusi, chichotseni kasanameze.

Mukakapezerera kali ndi nsapato kukamwa, nenani kamodzi kuti "Siya!", landani nsapatoyo, n'kukapatsa karoti kapena chingwe nthawi yomweyo. Kakalandira, kasisiteni. Onse pakhomo azichita chimodzimodzi, ngakhale ana, apo ayi kasokonezeka. Za mkwapulo, abambowo aiwale. Mukakamenya nsapato itatafunidwa kalekale, sikamvetsa chomwe kalakwa. Kamangophunzira kuopa dzanja la munthu, ndipo galu wamantha ndi amene amadzaluma anthu.

Mukamachoka, katsekereni malo opanda zingwe za magetsi, muli madzi akumwa ndi chotafuna chake. Kaziyamba kathamanga ndi kusewera kuti katope. Mankhwala a makoswe, feteleza ndi mankhwala opopera kachewere zizikhala pamwamba kapena m'chipinda chokhoma.

Kakamasanza mobwerezabwereza, kukana chakudya, kulephera kuchita chimbudzi kapena kulira mukakagwira pamimba, thamangirani nako kwa dotolo wa ziweto tsiku lomwelo. Ngati sikanabayidwe katemera wa chiwewe, yemwe amayamba pa miyezi 3, funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu, ndipo akapatsenso mankhwala a njoka zam'mimba.